Makatoni Amene Ndinalemba Kuti Sukulu

Gracian anandiimbira foni Lachiwiri m'mawa, nditangomusiya mwana wanga Lois kunazale. Sanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji.

"Akana," anatero.

"Akana ndani?"

"A inshuwalansi. Aona zithunzi za chipinda changa. Akuti khoma lachita nkhungu, chitseko chilibe loko wodalirika, komanso m'nyumbamo tikukhala amuna anayi osadziwana. Akuti mabuku akakhala mmenemo iwo sasayina."

Ndinali pamalo odikirira basi. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali wa kutchalitchi amene angandimve. Ku Braunstone kuno, mumzinda wa Leicester ku England, Amalawi sitili ambiri, koma ochepa omwewo amamva zinthu.

Gracian ndi mwamuna amene anandifunsira chaka chatha, akudziwa bwinobwino kuti ndili ndi mwana wa munthu wina. Amakhala ku Corby, amagwira ntchito kuweyahausi yosungiramo katundu. Chuma alibe, kupatula makatoni asanu amene ankakhala pansi pa bedi lake. Munali makomiki, timabuku ta zithunzi tija ta anthu ouluka ndi zilombo zachitsulo, kalikonse m'kapulasitiki kakekake. Anali a mkulu wake Bennet, amene anabwera ku Leicester kudzaphunzira, n'kumagula kamodzikamodzi kwa zaka khumi ndi ziwiri mpaka pamene anamwalira mu 2016. Mtembo unapita kumudzi, makatoni anatsala. Bambo Essop, amene ali ndi shopu ya mabuku oterewa m'tauni, anakhala nawo masiku awiri atavala magolovesi. Pomaliza anamuuza Gracian kuti asamachite nawo masewera, mtengo wake ungagule galimoto yatsopano.

"Sindigulitsa," Gracian anandiuza nthawi imeneyo. "Tsamba lililonse Bennet analigwira."

Ndiye pafoni paja ndinamufunsa kuti, "Nanga utani?"

Ndinadziwiratu chimene chikubwera.

"Kwanu n'kouma, Anganile. Miyezi iwiri yokha. Ndikapeza chipinda chabwino ndidzawachotsa."

"Kwathu kuti? Ine ndili ndi kwathu?"

Nyumba ndi ya Anti Fyness, achemwali a bambo anga, amene agwira unesi kuno zaka khumi ndi zisanu. Ananditenga ndili ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, ndipo lamulo lawo lalikulu ndi limodzi: katundu wa mwamuna salowa m'nyumba mwawo ankhoswe asanakhale pansi. Amati bambo ake a Lois anayamba ndi kusiya jekete, kenako nsapato, kenako mwana, n'kusowa. Za Gracian anali asanayankhe. Akumudzi onse ankadikira mawu awo, koma iwo ankangoti, "Ndikumuonabe. Bambo wandevu wowerenga timabuku ta ana."

"Akadziwa, za ine ndi iwe zathera pomwepo," ndinatero.

"Sadziwa. Iwe suja umaona chilichonse? Udzawayang'anira."

Basi inafika, chitseko chinatseguka, dalaivala akundiyang'ana. Ndinangoti, "Chabwino."

*

Anabwera nawo Lachinayi masana, Anti ali kushifiti. Gracian alibe galimoto, ndiye anabwera pa ya Dyna.

Dyna timapemphera naye limodzi. Ali ndi digiri, amagwira ntchito kukampani ina ya inshuwalansi, ndipo ndi iyeyo amene anamuika Gracian maganizo onsewa m'mutu. Sanakwatiwe. Akamaseka nthabwala za Gracian amamugwira pamkono, ndipo dzanjalo limachedwa kuchokapo. Tsiku limenelo anamugwira kanayi. Ndinawerenga.

"Asisi, muli bwanji? Mwanenepatu. Kukhala pakhomo kwakuyanjani."

"Ndili bwino, kaya inu."

"Ife ndiye kuthamanga basi. Tiika kuti chuma cha abwanawa?"

Anti ali ndi kachipinda kam'mwamba kamene amasungiramo katundu wa kontena. Chaka chonse amatolera zovala, nsapato, mabulangete ndi mabuku, ndipo mwezi wa Juni amatumiza zonse kumudzi, kusukulu ya pulaimale imene iwo anaphunzirako. Makatoni mmenemo anali atatsala pang'ono kugunda denga. Ndinaganiza kuti palibe malo abwino obisapo katoni kuposa pakati pa makatoni anzake. Tinawalowetsa kumbuyo kwenikweni, kukhoma. Kenako ndinatenga cholembera chakuda cha Anti, n'kulemba pa katoni iliyonse monga amachitira iwo, ndi zilembo zikuluzikulu: SUKULU.

"Ngochenjera mkazi wakoyu," Dyna anauza Gracian, akujambula chipindacho ndi foni yake. Kenako anatsegula fomu. "Latsala funso limodzi. Mwini nyumba akudziwa ndipo wavomera kuti katunduyu asungidwe muno? Eya kapena ayi."

Gracian anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pawindo, kumsewu kumene Anti amatulukira akatsika basi.

"Tikalemba kuti ayi?" ndinafunsa.

"Akananso. Ndiye mabuku abwerere kunkhungu kuja."

"Lembani kuti eya."

"Mwanena ndinu, asisi. Ine ndangodina."

Potsika masitepe Gracian anandigwira dzanja mofulumira, n'kundinong'oneza kuti, "Juni asanafike ndidzakhala nditawachotsa. Ukhulupirire." Ndinkafuna kuti aime pang'ono pomwepo, koma panja Dyna anali atayamba kale kuliza hutala.

*

Kwa milungu itatu ndinali mlonda. M'mawa uliwonse Anti akalowa kubafa ndinkatsegula kachipinda kaja, n'kusuzumira ngodya zisanu zimene zinkaoneka kumbuyo. Ndinkagwira khoma kuti ndimve ngati likadali louma. Lois akayandikira chitsekocho ndinkamukalipira, mpaka mwana wa zaka zitatu anayamba kumadutsapo chothamanga. Gracian ankatumiza meseji tsiku lililonse akaweruka: "Alendo athu aswera bwanji?" Ndinkayankha kuti, "Aswera, sakudandaula." Timeseji timeneti ndinkatiwerenga kawirikawiri, kenako n'kufufuta.

Loweruka la pa 14 Epulo ndinapita ndi Lois ku Beaumont Leys kukamugulira nsapato. Mabasi awiri kupita, awiri kubwera. M'shopu mwana analira chifukwa ankafuna zoyaka magetsi akaponda, ine n'kumugulira zakuda. Tinafika kunyumba cha m'ma folo koloko.

Chitseko cha kumsewu chinali chotsegula. Pa kapeti ya masitepe panali zidindo za nsapato zazikulu, zokwera ndi zotsika. Anti anali m'khitchini, atamanga chitenje pamwamba pa diresi, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

"Wabwera? Takwera ukaone mmene chakulira chipinda chija. Bambo Farouk, otumiza makontena aja, anaimba foni kuti kontena ya mwezi uno ili ndi malo. Ndati bwerani lero lomwe, ndidikiriranji Juni?"

Sindikumbuka kuti masitepe ndinakwera bwanji. M'chipindamo munatsala tepi yomatira, cholembera chakuda chija, ndi mizere pa kapeti pamene panali makatoni.

"Onse, Anti?" ndinafunsa ndili pamwamba pomwepo.

"Onse. Bwanji, unasiyamo kanthu?"

Anali ataima pansi pa masitepe, akupukuta manja ndi kansalu, maso ali pa ine.

"Ayi," ndinatero.

*

Lolemba ndinaimbira Bambo Farouk nditabisala kuseri kwa nazale. Nambala ndinachita kuba pa kalendala ya m'khitchini.

"Mwana wanga, kontena tinatseka Loweruka lomwelo, pano ili kudoko. Sindingatsegule ngakhale atandipempha mayi anga ondibala."

"Ndiye palibe chimene mungachite, bambo?"

"Ikafika ku Lilongwe pakatha milungu khumi, ndingauze anzanga a kumeneko kuti apatule makatoni asanuwo. Koma mapepala ali m'dzina la Mayi Fyness. Andiimbire okha. Iwo akati patulani, tipatula. Akapanda kutero, zonse zikwera lole kupita kusukulu."

Nditadula foni ndinaona m'maganizo mwanga ana a sitandade thuu akulimbirana timabuku ta Bennet pansi pa mtengo, ena akuthothola masamba kuti akutire makope.

Meseji ya Gracian inkabwerabe. Loweruka ndinayankha kuti aswera. Lamulungu, aswera. Lolemba, aswera. Lachiwiri zala zinakana. Ndinalemba kuti, "Mawa bwera kupaki, tilankhule."

Anabwera pa basi, atavala jekete ya kuntchito. Tinakhala pa benchi, Lois ali pa katungwe patsogolo pathu. Ndinamuuza zonse, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anavula chipewa, n'kumachitembenuza m'manja.

"Loweruka," anatero. "Ndiye masiku atatu onse aja unkandiuza kuti aswera."

"Ndimaopa."

"Umaopa ine?"

"Ndimaopa aliyense, Gracian. Sunadziwebe?"

"Nanga unalemberanji kuti sukulu?"

"Kuti Anti asatsegule. Iwenso unalipo. Sunandiletse."

"Sindinakuletse," anavomera. "M'makatonimo muli kabuku kamodzi kamene Bennet anandiwerengerapo pafoni. Ine ndili Fomu thuu ku Zomba, iye ali kuno. Mayunitsi anamuthera nkhani ili pakati. Atadzaimbanso anati mapeto ake ndidzaona ndekha ndikadzabwera. Mpaka lero sindinakatsegule. Ndimati ndidzawerenga ndi Lois akadzayamba sukulu."

Ndinafuna kumugwira dzanja koma linali lotanganidwa ndi chipewa.

"Mummy, push me!" Lois anakuwa.

Amene anadzuka ndi Gracian. Anakamukankha mwanayo pang'onopang'ono, monga amachitira masiku onse, koma nkhope atayang'ana kumbali kuti Lois asamuone. Ndinakhala pa benchi paja ndikudziwa kuti mwamuna ngati ameneyu sindidzamupezanso, ndiponso kuti ndayamba kale kumutaya.

"Ndiwauza Anti," ndinatero atabwerera. "Undipatse masiku."

"Angati?"

Foni yake inalira m'thumba. Anaitulutsa, ndipo asanaitembenuze ndinaona dzina la Dyna.

*

Lachisanu Dyna anandiimbira ine.

"Asisi, ndikulankhula nanu ngati mnzanu, osati ngati wa kuntchito. Inshuwalansi siilipira katundu amene munthu wapereka yekha. Imalipira wobedwa. Ndiye pafunika lipoti la kupolisi, ndi dzina la amene anachotsa katunduyo m'nyumba."

"Anti sanabe. Sankadziwa kuti muli chiyani."

"Sankadziwa? Iii, komatu pa fomu munati akudziwa. Ndiye taonani. Ngati ankadziwa, ndiye kuti atumiza katundu wa eni mwadala, Gracian alipidwa. Ngati sankadziwa, ndiye kuti fomu ija ndi yabodza. Gracian sapeza kalikonse, ndipo dzina lake lida kumakampani onse. Palibe njira yachitatu."

"Anti ndi nesi. Dzina lawo likangolowa kupolisi, ntchito ikhoza kutha."

"Zimenezo ndiye za m'banja mwanu. Ine ndikungomumvera chisoni mwamuna uja. Dzulo sanadye tsiku lonse, ndinachita kumupititsira chakudya."

"Ku Corby? Munapita ku Corby?"

"Si patali, asisi. Pa galimoto ola silikwana. Pa basi ndiye kaya."

Nditadula ndinakhala pansi m'khitchini, msana nditatsamira firiji. Ntchito ya Anti ikatha, nyumba ino yapita, ndipo ine ndi Lois tilibe kwina. Gracian akapanda kupita kupolisi, wataya mkulu wake kachiwiri chifukwa cha ine. Njira imene inatsala inali foni imodzi ija ya kwa Bambo Farouk, ndipo foniyo inkafuna kuti ndigwade pamaso pa Anti n'kuulula kuti ndinalowetsa katundu wa mwamuna m'nyumba mwawo.

Ndinalembera Gracian: "Usapite kupolisi, chonde. Bwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, tidzawapemphe limodzi." Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti wawerenga. Yankho linabwera patatha maola asanu, mawu amodzi okha: "Ndibwera."

*

Anafika thuu koloko, atavala suti yake imodzi yomweyo. Ndinamuonera pawindo, ndipo ndinaonanso galimoto ya Dyna itaima patsogolo pa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Lois ndinali nditamukweza m'mwamba ndi zidole zake.

Anti anali pa sofa, asanavule yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, kapu ya tiyi ili m'manja. Gracian anawapatsa moni ndi manja awiri, n'kukhala m'mphepete mwa mpando. Ine ndinagwada pa kapeti. Mawu ankatuluka odukaduka, koma ndinanena zonse: nkhungu ya ku Corby, makatoni asanu, cholembera chakuda, fomu ija.

"Mayi, wolakwa ndine," Gracian anatero nditamaliza. "Ndine ndinamukakamiza. Ndikungopempha kuti muwaimbire Bambo Farouk. Foni imodzi yokha. Ndi zinthu za malemu achimwene anga, ndilibenso china chawo."

Anti anamwa tiyi. Anaika kapu pa tebulo mosamala.

"Mwatha nonse?"

Anatembenukira kwa ine.

"Anganile, iwe umayesa kuti m'nyumba muno wamaso ndiwe wekha? Makatoni anga ndimawadziwa. Tsiku lotsatira lomwe ndinaona kuti awonjezeka, ndipo ndinatsegula. Ndinaona dzina la Bennet mkati mwa chivundikiro. Ndinati ndidikire, mwana wa mchimwene wanga abwera adzandiuza yekha. Ndinadikira milungu itatu, tikudyera pa tebulo limodzi, ukundiyang'ana m'maso. Ndiye ndikuuze zoona. Farouk sanandiimbire ayi. Ndinamuimbira ndine."

Ndinayang'ana Gracian.

"Munadziwa kuti ndi za malemu?" Gracian anafunsa, mawu ali pansi kwambiri.

"Ndinadziwa kuti ndi katundu wa mwamuna m'nyumba mwanga. Ana a kwathu akawerenga, ndipo malemuwo adzakhala atathandiza anthu. Foni sindiimba. Za ukwatinso, ndikhulupirira yankho langa mwalimva. Munthu wolowera pawindo mwini nyumba ali kuntchito, ine ndikamuuze mchimwene wanga kuti ndakupezerani mkamwini?"

"Anti, chonde..."

"Khala chete iwe. Unandichititsa manyazi kamodzi, ndinakulandira. Kachiwiri ayi."

Gracian anaimirira. Anamanga batani la suti, kenako anandiyang'ana ndili chigwadire.

"Anganile, wamva zimene anena. Anadziwa, ndipo anatumiza mwadala. A polisi akakufunsa, ukanena?"

"Muyankhe," Anti anatero. "Koma uyankhe ukudziwa kumene mwana wako akagone lero."

M'mwamba Lois ankathamanga kuchoka kuchipinda china kupita china, timapazi take tikumveka padenga pa mitu yathu. Ndinayang'ana nsapato za Gracian. Anali atazipukuta bwino, monga munthu wobwera kudzapempha.

"Sindinamve bwino," ndinatero.

"Sunamve bwino."

"Ayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, n'kutulutsa foni. Inali yoyaka, mphindi zikuwerengeka, khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anaiyandikitsa kukamwa.

"Dyna, iwe wamva?"

"Zonse," mawu a Dyna anamveka bwinobwino m'chipinda chonse. "Ndipo ndalemba. Tuluka, tipite kupolisi asanatseke."

Anti anafuna kunyamula kapu yawo, koma tiyi anatayikira pa yunifolomu yoyera. Sanapukute. Kwa nthawi yoyamba chibwerere kuno, ndinawaona akuopa.

"Gracian!" ndinaitana, ndikudzuka. Ndinamupeza pakhomo atagwira kale chitseko. "Gracian, usatero. Ukatero tigona pamsewu ine ndi mwana."

Sanatembenuke.

"Ndinayamba kufunsa iwe," anatero, ndipo anatuluka.